Dulani nsapato, musadule phazi

Lero za mtengo wa mpunga ndazisiya kaye, ngakhale mavenda andikwiyitsa. Ndikufuna tikambe za mapazi. Musaseke, nkhaniyi yandikhala pamtima kwa miyezi ingapo.

Lamulungu lapitali, pochokera ku tchalitchi, ndinawerenga anthu anayi amene anavula nsapato panjira n'kuzinyamula kumanja. Dzuwa lili pamutu, mchenga ukuotcha, koma munthu waona kuti bola mchenga kusiyana ndi nsapato yake. Wachinayiyo ndinali ine. Madzulo ake ndinadutsa kwa mnzanga wina amene timalima moyandikana, ndinamupeza ali pakhonde, mwendo ausanjika pabondo, lumo lili kumanja, akusenga chala chaching'ono cha kuphazi ngati akusenda chinangwa cha kondowole. Ndinati, "Achimwene, mukutani kodi?" Akuti, "Ndikufuna nditulutse muzu wake, kandizunza kameneka." Magazi anali atayamba kale kutuluka. Mawa lake m'mawa anali m'madzi kudimba, chala chomwecho chili m'matope.

Kanthu kamene ndikunena nonse mukukadziwa. Ndi kachikopa kouma, kolimba, kozungulira ngati njere ya chimanga, kamene kamamera pamwamba pa chala, m'mbali mwa chala chaching'ono, kapena pansi pa phazi pamene timapondera kwambiri. Pakati pake pamakhala kanjere kolimbitsitsa, ndipo ukavala nsapato umamva ngati wina wakukhomera msomali. Achipatala amakatchula kuti corn. Kena kamabisala pakati pa zala ziwiri zakumapeto, koma kumeneko kamakhala kofewa, kotuwa, chifukwa cha thukuta.

Maganizo anga ndi awa, ndipo amene akutsutsa abwere tidzakambirane pansi pa mtengo wa mango: kanthu kameneka kalibe muzu. Si matenda olowa m'thupi, si kachilombo, ndiponso palibe amene anakutcherani mankhwala panjira kuti muponde. Ndi khungu lanu lomwe likudziteteza. Taonani manja athu ife ogwira khasu. Mwezi woyamba wa ulimi timatuluka matuza, kenako khungu limakhuthala pamene mpini umakhudza, basi matuza atha. Phazi limachitanso chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti mpini umakhudza dzanja lonse, pamene nsapato yothina imapanikiza malo amodzi ang'onong'ono, pamwamba pa fupa la chala, tsiku ndi tsiku. Khungu likamakhuthala pamalo opanikizika chotero limasowa kolowera, ndiye limalowa mkati, losongoka ngati munga. Chimene mumati muzu n'chimenecho. Mungachikolope lero mpaka magazi, koma ngati mawa muvalanso nsapato yomweyo, pakatha masabata angapo chabwerera pomwepo. Ndiye timati chili ndi muzu wautali, pamene muzu wake uli pansi pa bedi, tinaupukuta ndi polishi.

Ife a ku Uraha nkhani ya kuyenda tiyenera kuidziwa kuposa ena. Mu 1991 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linafukula kuno chibwano cha munthu wamakedzana, cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, n'kuchipatsa nambala yoti UR 501. UR ameneyo ndi Uraha yathu yomweyi. Amene munalowapo mu myuziyamu ya pa Karonga boma, imene inatsegulidwa mu 2004, nkhaniyi munaimva. Anapeza chibwano, phazi sanalipeze, koma sindikukayika kuti mkuluyo ankapondaponda miyala ya m'mapiri athuwa opanda nsapato. Agogo athu nawonso ankayenda chomwecho mpaka ku nyanja n'kubwerako, mapazi okhuthala ngati chikopa cha ng'ombe, ena a zikang'a kuzidendene, koma kudandaula za kanjere pa chala chaching'ono sindinawamvepo. Mu 2019 ofufuza a ku yunivesite ya Harvard ndi anzawo anayeza mapazi a anthu a ku Kenya ndi a ku America. Anapeza kuti oyenda opanda nsapato ali ndi khungu lokhuthala kwambiri kupansi, koma phazi lawo limamvabe bwinobwino chimene laponda. Choncho khungu lokhuthala la phazi lonse si vuto, musalimbane nalo. Vuto ndi kanjere ka malo amodzi, ndipo kameneko kawirikawiri kamabwera ndi nsapato.

Sindikunena kuti titaye nsapato, ayi. Minga ilipo, mabotolo osweka alipo, matekenya alipo, njoka zilipo. Ndikunena za nsapato yosayenera phazi.

Apa ndiye ndilankhule nanu abale a m'tauni, mundikhululukire. Timayamika kwambiri mukatikumbukira. Koma nsapato zambiri zimene zikutipweteka kuno zinabwera m'chikwama chanu pa Khirisimasi, kapena munazipatsira kondakitala wa basi. Mumalowa pa kaunjika, mwaona nsapato yokongola yosongoka kutsogolo, mukuti, "Iyi iwakhala adada," osadziwa kuti phazi la adadawo ndi la munthu amene wakhala zaka makumi asanu akuponda matope a mpunga ndi kutsata ng'ombe pa pulawo. Phazi lotero ndi lotambalala, zala zake n'zotayana ngati za bakha. Nambala ikhoza kukhala yomweyo, 8 kapena 9, koma m'lifupi simukwana. Nsapato za pa kaunjika zinapindika kale motsata phazi la mwini wake woyamba kutsidya la nyanja uko. Tsono mkulu wa kumudzi sangakuuzeni kuti yathina. Anganene bwanji, mwana wake wamugulira? Amavala, amamwetulira pa chithunzi chimene mwamujambula, ndipo amapita nayo ku tchalitchi, ku maliro, ku ukwati, ku malipenga, akutsimphina mwaulemu. Anthu akamufunsa amati, "Wanditumizira mwana wanga wa ku Lilongwe." Ulemu umenewo amaulipira ndi chala chake.

Ifenso a kuno tili ndi mbali yathu. Majombo a kumunda timavala opanda sokosi, phazi likusambira m'thukuta tsiku lonse, likukhulana ndi mphira. Ana timawagulira nsapato ya sukulu imodzi kuti ithe zaka zitatu: chaka choyamba ikukhwepa, chachitatu zala zapindika mkati. Amayi nawo ali ndi tinsapato tapulasitiki tija ta pa msika, tolimba ngati ndowa. Yothina imapanikiza, yokhwepa imakhula, zonse zimabala kanjere.

Ndiye tichite chiyani kakamera? Ndikuuzani zimene ndimachita ine, ndipo palibe chogula kupatula sopo ndi mafuta.

Madzulo mukaweruka, tenthetsani madzi akhale ofunda chabe, oti chigongono chipirire, muikemo sopo pang'ono. Viikani phazi kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Khungu louma lija limafewa n'kutuwa. Kenako tengani mwala wokhakhala pang'ono, ngati umene amayi athu ankakwechera zidendene kumtsinje, mukwechepo pang'onopang'ono. Cholinga si kumaliza lero. Muchotse kakhungu kakufa ka pamwamba pokha, mukangomva kuwawa kapena kuona pafiira, siyani. Pukutani bwino, makamaka pakati pa zala, mudzolepo Vaseline kapena mafuta alionse odzola, koma pakati pa zala musapake, pamafunika pouma. Mubwereze mawa kapena mkuja, kwa sabata ziwiri kapena zitatu. Mwalawo ukhale wanu nokha, muziutsuka n'kuuyanika padzuwa.

Chachiwiri ndi chimene chimachiza kwenikweni. Mayi akasenza ndowa amayamba waika nkhata pamutu. Chala nachonso chipangireni nkhata. Dulani kachidutswa ka siponji ya matiresi akale, kapena kansalu kofewa kopindapinda, mubooleze pakati kuti kanjere kakhale m'dzenjemo, nsapato izipanikiza m'mbali osati pamwamba pake. Mangani ndi pulasitala. Ngati kali pakati pa zala, ikanipo kathonje koyera kolekanitsa zalazo, muzisintha tsiku lililonse. Ndipo nsapato imene inayambitsa zonsezi muipumitse. Pitani nayo kwa osoka nsapato pa Uliwa akaifutukule, kapena ngati ndi ya kumunda, tengani lumo lija mumafuna kudulira chala, mung'ambe nsapatoyo pamene ikukhudza. Yanga ya kumunda ili ndi zenera mbali ya chala chaching'ono. Ana amaiseka, koma ine ndimafika kudimba osatsimphina. Ikakanika zonsezi, ipatseni mphwanu wa phazi laling'ono. Kupanikizika kukatha, kanjere kamafota kokha pakapita masabata, nthawi zina miyezi.

Tsopano zimene ndimakana. Ndamvapo zambiri pa mabawo ndi pa chigayo. Ena amati mangirirapo adyo wosinja ugone naye. Adyo amaotcha khungu, m'mawa umadzuka ndi thuza lalikulu kuzungulira kanjere, kanjereko kali phee pakati. Ena amadontheza utomoni wa nkhadze. Umenewo ndiye woopsa, umatentha khungu, ndipo ukangogwira m'maso ndi dzanja lomwelo, nkhani yasanduka ina. Ndinamvanso za asidi wa batire ya galimoto ndi soda wopangira sopo. Abale, zimenezo sizisankha kuti apa ndi pakufa, apa ndi pamoyo, zimangodya mnofu. Utomoni wa papaya wamuwisi ndi madzi a ndimu ndi zofatsirapo, ndipo ndikuvomera kuti zimafewetsa khungu pang'ono, koma sizichita chimene madzi ofunda ndi mwala sangachite, ndipo ena zimawayabwa mpaka kutupa. Inu a m'tauni mumabweranso ndi timapulasitala ta ku famase tolembedwa kuti ndi ta corn. Mkati mwake muli mankhwala otchedwa salicylic acid, amene amasungunula khungu lolimba. Kwa munthu wathanzi, atayikidwa pa kanjere penipeni, amathandiza. Koma werengani pa kapaketi, mupeza analemba kuti odwala shuga ndi amene magazi sayenda bwino m'miyendo asagwiritse ntchito. Musamangowasiyira agogo n'kukwera basi.

Lumo ndiye mdani wanga wamkulu. Ndikudziwa chimene mungandiyankhe: "Nanga kuchipatala sadula?" Amadula, inde. Koma amadula ndi kampeni kophera tizilombo kale, pamalo powala, munthu woona bwino amene akudziwa pamene khungu lakufa lathera. Ife timadula madzulo ndi tochi ya foni, titapinda msana, maso okalamba, ndi lumo limene dzulo linameta mwana, dzana linadula zikhadabo za anthu atatu. Lumo lobwerekana limatha kupatsirana HIV ndi matenda a chiwindi, izi tinaphunzitsidwa kalekale koma pa mapazi timaiwala. Ndiye taganizani kumene phazi lodulidwalo likupita m'mawa: m'khola, m'ndowe, m'matope a ku Hara. Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe momwemo, ndipo timalowera pa kabala kakang'ono. Amayi ambiri amabayidwa katemera wa kafumbata akamapita ku sikelo ali oyembekezera. Nanga ife abambo, tinabayidwa liti komaliza? Ambiri tili makanda kumbuyo kwa amayi athu.

Ndimalimbikira chonchi chifukwa cha amalume anga. Ambiri a kuno mukuwadziwa, sinditchula dzina. Munthu wamphamvu, wolima mpunga ndi chinangwa, wosadziwa khomo la chipatala. Anali ndi kachikopa kolimba pansi pa phazi, kuseri kwa chala chachikulu, ndipo ankakasenga ndi lumo mwezi ndi mwezi. Ankanyadira kuti iwo samva kuwawa. "Mphwanga, ine phazi langa ndi lachimuna," ankatero. Ife tinkaseka nawo, osadziwa kuti kusamva kuwawako ndiwo anali matenda. Anali ndi shuga, ndipo shuga anali atapha kale mitsempha ya kumapazi. Zizindikiro zinalipo, ludzu losatha, kutuluka panja kangapo usiku, kuonda, koma tinkati ndi kutentha kwa kuno kunyanja. Tsiku lina lumo linalowa kwambiri, iwo osamva. Anamanga kansanza, napita kumunda. Patatha sabata ndi theka azakhali ndi amene anamva fungo. Phazi linali litatupa, chala chada bii. Tinawanyamula pa njinga yamoto mpaka pa msewu wa M1, kuchipatala anatitumiza ku chipatala chachikulu, ndipo kumeneko madokotala anachita zimene akanatha. Moyo anaupulumutsa, koma chala chachikulu ndi chinzake anachotsa. Chaka chimenecho munda wawo tinalima ndife, mwachigwirizano, ndipo theka linagonera. Lero amayenda ndi ndodo, pulawo anasiya. Ine ndinawaonapo akusenga kangapo konse, ndili chikhalire pa mpando, tikucheza za mitengo ya feteleza. Lumo lina ndinawagulira ndine pa okala. Chimenecho chimandiwawa mpaka lero.

Namwino wina anatifotokozera kuti kwa wodwala shuga, pansi pa kachikopa kolimba pamatha kukhala chilonda chobisika, ndipo chilonda cha munthu wa shuga chimachedwa kupola. Musaganize kuti shuga ndi matenda a mabwana a m'tauni okha. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 mothandizana ndi bungwe la WHO anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno, pafupifupi 6 anali ndi shuga. Werengani akuluakulu a m'mudzi mwanu, muone kuti ndi angati amenewo, ndipo ndi angati anayezetsapo.

Palinso khate. Achinyamata mwina simukudziwa, koma akuluakulu akukumbukira magalimoto a LEPRA. Kafukufuku wa pa Chilumba, amene lero timamudziwa ndi dzina loti MEIRU, anayamba mu 1979 chifukwa boma lathu la Karonga linali ndi khate lambiri, ndipo ankayenda khomo ndi khomo kuyeza anthu pakhungu. Dziko lathu linalengezedwa mu 1994 kuti lagonjetsa khate ngati vuto lalikulu, komabe odwala amapezekabe apa ndi apo, ndipo amene anachira kalekale ena mapazi awo anatsala adzanzi. Zala zimene anthu akhate ankataya sizinkangothothoka zokha monga tinkauzidwa tili ana. Zinkayamba chimodzimodzi ndi za amalume: phazi losamva, kachikopa kolimba, kabala, chilonda.

Choncho mawu anga onse a madzi ofunda ndi mwala aja ndi a munthu amene phazi lake limamva bwino. Ngati muli ndi shuga, ngati mapazi amachita dzanzi kapena kuyaka moto usiku, ngati patapata amakuvukani panjira inu osazindikira, ngati munadwalapo khate, musakweche, musadule, musaviike m'madzi otentha, musapake chilichonse choluma. Pitani ku chipatala cha pa Chilumba kapena chilichonse chapafupi, mukawaonetse, mukapemphenso kuti akuyezeni shuga. Ndi kadontho kamodzi ka magazi a pa chala. Madzulo alionse muziyang'ana kupansi kwa mapazi ndi galasi, kapena mdzukulu akuonereni, ndipo musanavale nsapato muziyamba mwaigwedeza ndi kupisamo dzanja. Aliyense, wa shuga kapena ayi, akaona kuti pafiira, patentha, patupa, pakutuluka mafinya kapena madzi onunkha, za kunyumba zatha pamenepo.

Chinanso, si chilichonse cholimba pa phazi chimene chili kanjere ka nsapato. Njerewere imameranso kupansi kwa phazi. Imeneyo imakhala ndi timadontho takuda mkati, imawawa kwambiri ukaitsina m'mbali, pamene kanjere ka nsapato kamawawa ukakadina pamwamba. Njerewere imayamba ndi kachilombo, ukaidula imatuluka magazi msanga ndipo imatha kufalikira. Thekenya nalo poyamba limanamiza, koma limayabwa, ndipo limaoneka koyera kozungulira ndi kadontho kakuda pakati. Nthawi zina ndi munga umene unathyokera mkati chaka chatha, khungu n'kuukuta. Ngati mwasintha nsapato, mwaika nkhata, mwezi wathunthu wadutsa koma palibe kusintha, kapena chala chinapindika kale moti nsapato iliyonse imachikhudza, kaonetseni. Mwina si zimene mukuganiza.

Wina anandiuza kuti, "Iwe ukunena za kusintha nsapato ngati tili nazo zambiri." Zoona, ambiri tili ndi imodzi ya ku tchalitchi ndi majombo, basi. N'chifukwa chake ndikuti ing'ambeni, ifutukuleni, sinthanani ndi m'bale wanu, valani sokosi ngakhale zosiyana mitundu. Ndipo poti masabata awiri okha mupite ku tchalitchi ndi patapata, abusa sakubwezani pakhomo. Amene angakusekeni sadzabwera kudzakulimirani.

Inu a m'tauni, December akubwera. Musasiye kutigulira, chonde. Koma musanagule, tiuzeni tikutumizireni muyezo. Munthu aime chilili pa pepala, madzulo pamene phazi latupirako ndi ntchito, wina azungulize ndi bolopeni mapazi onse awiri, chifukwa limodzi limakhala lalikulupo. Pepalalo mulidule motsata mzerewo. Mukafika pa kaunjika, lilowetseni mu nsapato: likapindika m'mbali, isiyeni ngakhale ikhale yokongola bwanji. Kutsogolo kutsale mpata wokwana chala chachikulu cha kumanja chopingasa. Sankhani yotambalala kutsogolo, yachikopa chofewa kapena yansalu, yazingwe kuti munthu azitha kumasula. Ya amalume, mwana wawo wa ku Mzuzu anachita chomwecho chaka chatha, ndipo ndi nsapato yoyamba imene sanaivulepo panjira.

Mnzanga wa lumo uja ndinamuperekeza ku chipatala Lachitatu, atakana masiku awiri. Anamutsuka, anamubaya jekeseni ya kafumbata, shuga anamupeza alibe. Amuuza kuti asalowe m'madzi mpaka balalo litseke, ndiye mbande zake tikumuthiririra ndife ndi mwana wake. Nsapato yake ya ku tchalitchi ili kwa wosoka pa Uliwa, akuti tikaitenge Loweruka. Mapepala a mapazi a m'nyumba mwanga ndajambula kale asanu ndi limodzi, ali m'Baibulo kuti asakwinyike. Mlongo wanga wa ku Area 25, ako ndikupatsira aliyense amene akwere basi sabata ino.